Ola Limodzi ndi Mphindi Makumi Awiri

Amuna anga agwira ntchito mu ofesi yogulitsa matikiti a ndege kwa zaka makumi awiri ndi zinayi, koma ndege yeniyeniyo sanaikwerepo. Ndayamba ndi zimenezi dala kuti mudziwiretu mtundu wa munthu amene ndikufuna kukusimbirani. Iwo amati si mantha ayi, koma kusowa mpata. Ine ndimangovomera, ngakhale ndikudziwa kuti babu likapsa kunyumba kwathu, wokwera pampando kukalisintha ndine, iwo ali pansi kugwirira mpandowo n'kumandilangiza kuti ndisayang'ane pansi.

M'dera lathu lonse palibe amene amawatchula dzina lawo lenileni. Ndi a Pafupi basi, ngakhale ana a sukulu amawapatsa moni choncho. Dzinali analipata pakauntala. Munthu akalowa mu ofesimo n'kufunsa za ulendo wa ku mzinda wina uja, wa kuseri kwa mapiri, iwo amayamba akonza tayi, n'kutsokomola pang'ono, kenako n'kuyamba nyimbo yawo.

"Ndi pafupi, bwana. Makilomita mazana asanu ndi anayi basi. Ola limodzi ndi mphindi makumi awiri. Mukanyamuka naini koloko, akupatsani tiyi m'mwambamo, kapu isanazizire mwatera."

Munthu akakayikabe, amatulutsa rula yachitsulo m'dirowa n'kutembenukira kukhoma, kumene kuli mapu akale amene anasuluka mtundu ndi dzuwa. Amaika rulayo pakati pa timadontho tiwiri, n'kumuyang'ana munthuyo ngati amuululira chinsinsi. Ine ndine telala, ndipo tepi yoyezera sichoka m'khosi mwanga. Tsiku lina nditawapititsira ambulera ku ofesiko, ndinayeza ndekha pamapupo. Anali masentimita asanu ndi anayi. Sikukwana ngakhale pakamwa pa thumba la malaya.

Ali ndi kabuku kachikuto chakuda kamene sasiyana nako, ndipo kakadzaza amagula kena kofanana nako. Mmenemo amalemba ndege iliyonse ya njira imeneyo: inanyamuka nthawi yanji, inatera nthawi yanji, munakwera anthu angati, ndipo angati anagula tikiti koma osabwera. Palibe bwana amene anawatuma zimenezi. Timabukuto tadzaza katoni yonse pansi pa bedi lathu, pamalo amene ine ndinkafuna kusungapo nsalu.

Ntchitoyo saisiya ku ofesi, amabwera nayo kunyumba. Ndikachedwa kubafa amagogoda: "Mayi, mphindi makumi awiri zatha. Ndege ikanakhala itawoloka kale mtsinje." Abusa akatalikitsa ulaliki amandinong'oneza kuti tafika kale, tsopano tikubwerera. Mwana wathu woyamba ndinamubereka patatha maola khumi ndi anayi ndili m'chipatala, ndipo chinthu choyamba chimene bambo ake anandiuza atalowa n'chakuti nthawi imeneyo ndi maulendo khumi ndi theka. Ndinalibe mphamvu yowagenda ndi kapu, koma mtima wofuna kutero unalipo.

Si munthu woipa ayi, ndisawanamizire. Samwa, sakalipa, ndipo nsapato zanga amapukuta limodzi ndi zawo Loweruka lililonse. Vuto lawo ndi limodzi: chinthu akachidziwa manambala ake, amaona ngati achichita kale.

Ku mzinda wa kuseri kwa mapiri uja n'kumene kunkakhala alamu anga, achemwali awo a amuna angawa. Anabadwa awiri okha. Makolo awo atamwalira, mwamunayu ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, achemwaliwo anasiya sukulu n'kuyamba kuchapa ndi kusita zovala za anthu kuti mlongo wawo aphunzire. Ngakhale kumanga tayi kumene amanyadira nakoku anawaphunzitsa ndi iwowo, pa tayi ya kasitomala imene inabwera kudzasitidwa. Atakwatiwa anatsatira amuna awo ku mzinda winawo, ndipo amunawo atamwalira anangokhazikika komweko ndi mwana wawo wamkazi.

Alamuwo anabwera kwathu katatu, maulendo onse atatu pabasi. Basi imatenga maola makumi awiri ndi awiri, poti msewu suuluka, umazungulira phiri lililonse. Ankafika mapazi atatupa ngati mikate, koma akuseka. Ulendo womaliza unali zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri zapitazo. Kenako mawondo anayamba kuwavuta, ndipo anatumiza mawu akuti tsopano ndi nthawi yakuti wa ndege uja aonetse ndege yake.

Mpata unalipo, musanamizidwe. Kampani yawo imapatsa wantchito aliyense tikiti imodzi yaulere pachaka. Tikitiyo ili ndi lamulo limodzi lokha: mwini wake amakwera pokhapokha ngati mpando watsala, anthu olipira atakwera onse. Matikiti makumi awiri ndi anayi anadutsa m'manja mwa amuna anga, ndipo onse anatha nthawi yake ali m'dirowa limodzi ndi rula ija.

Chaka chilichonse chikamayamba ankalengeza patebulo kuti chino ndiye chaka chake. Miyezi yoyamba ankati mitambo yachuluka, tidikire mvula ithe. Mvula ikatha ankati ntchito yapanikiza. Nyengo yozizira ankati achemwali angavutike kuwasamalira. Ndikawaumiriza ankandiseka ngati ndine mwana.

"Mukufulumira chiyani, mayi? Akanakhala kutsidya kwa nyanja bwenzi tikuda nkhawa. Koma apapa? Ndikhoza kudzuka m'mawa, kukawaona, n'kudzagona pabedi langa lomweli. Komanso chibale ndi fupa, sichiola."

"Fupa siliola ndithu, bambo," ndinkayankha, "koma mwini fupayo amakalamba."

Ankaseka, n'kunena kuti ndili ndi pakamwa.

Chimene chinkandipsetsa mtima kwambiri ndi dalaivala wa lole amene tinayandikana naye nyumba. Kwa iye ulendo umenewo ndi wa masiku awiri, wogona m'njira, ndipo palibe chibale chilichonse pakati pa iye ndi alamu anga. Koma ankawaona kanayi kapena kasanu pachaka, chifukwa ndi amene tinkamutuma kukasiya timaphukusi: diresi limene ndasoka, mafuta opaka m'mawondo, ndi kalendala ya kampani imene amuna anga ankatumiza chaka chilichonse osaphonya. Kalendalayo imakhala ndi chithunzi cha ndege pamwamba, ndipo pansi pamalembedwa masiku ouluka: Lolemba, Lachitatu ndi Loweruka.

Tsiku lina dalaivalayo anaima pampanda n'kutiuza zimene anaona. Anati nyumba ya alamu ili pansi penipeni pa njira imene ndege imadutsa ikamatsika. Masiku atatu aja, teni koloko ikangodutsa, mayiwo amasiya chilichonse chimene akuchita, n'kupukuta manja pachitenje, n'kutuluka panja ndi ndodo yawo kukayang'ana kumwamba. Ndege ikadutsa amaimabe pang'ono, kenako n'kulowa m'nyumba.

Ine mtima unandipweteka. Ndinatembenuka kuti ndione nkhope ya amuna anga. Inali ikuwala.

"Mwamva, mayi? Achemwali akuisunga ndandanda! Teni koloko ndi mphindi khumi ndi zisanu imakhala ili pamenepo ndithu."

Dalaivala uja anandiyang'ana, nanenso ndinamuyang'ana, ndipo anapita kukatsuka lole yake.

Foni inalira Lolemba lina madzulo tikudya. Anali mwana wa alamu uja, mphwawo wa amuna anga. Ndinkamva mawu ake ngakhale foniyo inali kukhutu kwa iwo.

"Malume, amayi awagoneka m'chipatala. Madokotala akuti ndi mtima, ndipo sakulonjeza kanthu. Akungotchula inu, malume. Chonde bwerani."

Amuna anga anaika supuni pansi. Amawakonda achemwali awo, zimenezo sindinakayikepo. Koma anachita zimene amachita nthawi zonse mantha akawagwira: anatenga pensulo.

"Ndege ya lero yapita kale. Yotsatira ndi ya Lachitatu, naini koloko."

"Basi ilipo mawa, thu koloko masana," ndinatero. "Tikwere imeneyo tonse awiri."

"Taonani apa, mayi." Anakoka pepala lokulungira buledi n'kuyamba kulembapo. "Basi yanu inyamuka mawa thu koloko, ifika Lachitatu nthawi ya nkhomaliro. Ine ndinyamuka Lachitatu lomwelo naini koloko, ndifika teni koloko ndi mphindi makumi awiri. Ndiye mukufuna ndivutike tsiku lathunthu kuti ndikafike mochedwa kuposa mmene ndingafikire nditagona kunyumba? Mukandipeza nditacheza nawo kale."

"Nanga mpando ukapanda kutsala?"

"Yatsala itatu. Ndaona ndekha pakompyuta ndisanaweruke."

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno, bambo. Tiyeni pabasi."

"Mayi, inu mumadziwa za nsalu. Za maulendo tisiyireni ife."

Masamu awo anali olondola, ndipo chimenecho ndi chimene chimanyansa ndi amuna angawa, salakwitsa masamu. Ndinasiya kulimbana nawo. Kutacha ndinabweza nsalu za makasitomala awiri, n'kulongedza chikwama, ndipo thu koloko inandipeza ndili pampando wapakati, kumbuyo kwenikweni kwa basi. Iwo anathawa ku ofesi kudzandiperekeza kudepoti. Anaima pawindo akupukusa mutu mondimvera chisoni, n'kundilonjeza kuti adzandichingamira.

Zimene zinachitika mu ofesi masana amenewo anandiuza pambuyo pake ndi mayi amene amakhala nawo pakauntala, munthu wosabisa mawu. Mipando itatu ija, iwiri inagulidwa folo koloko isanakwane. Unatsala umodzi. Kutatsala mphindi khumi kuti atseke, munalowa bambo wina wamimba yaikulu, makiyi a galimoto akuzungulira pachala. Anati wamva kuti ku mzinda winawo kuli munthu amene akugulitsa galu wa mtundu wachilendo, ndiye akuganiza zokamuona. Sanali wotsimikiza n'komwe. Anayang'ana mapu aja, n'kukanda m'mutu.

"Koma si kutali kumeneku? Mwina ndingosiya."

Mayi uja akuti anawaponda amuna anga phazi pansi pa kauntala. Koma kufunsa a Pafupi funso limenelo kuli ngati kuwaza chimanga pakati pa nkhuku. Tayi inakonzedwa, kukhosi kunatsokomoledwa, rula inatuluka m'dirowa. Bambo uja anauzidwa za makilomita, za tiyi, za kapu yosazizira. Anayesa kuzemba ponena kuti aganiza kaye, koma amuna anga anamuuza kuti mpando watsala umodzi wokha, ndipo galu wabwino sadikira munthu. Anagula.

"Bambo, mwatani?" anatero mayi uja chitseko chitangotsekeka. "Umenewo unali mpando wanu!"

Iwo anatsegula kabuku kakuda mosatekeseka. "Taonani, mayi. Ndege ya Lachitatu, anthu awiri kapena atatu sabwera. Wina wadwala, wina wagona, wina wasintha maganizo. Zaka makumi awiri ndi zinayi izi. Manambala sanama."

"Ndiye bwanji osangougula nokha mpandowo, muli ndi matenda chonchi?"

"Wa ndege agule tikiti ya ndege? Anthu akamva ati chiyani?"

Pakhoma la ofesiyo, pafupi ndi mapu, pali satifiketi imene bwana wawo anawapatsa chifukwa chosalola mpando kuuluka wopanda munthu. Mayi uja akuti anaiyang'ana satifiketiyo, n'kulakalaka kuwaphwanyira pamutu.

Za ulendo wanga sindinena zambiri. Tayala linaphulika kamodzi, mwana wa mayi amene ndinakhala naye anandisanzira pamwendo, ndipo kondakitala anaika thumba la misomali pansi pa mapazi anga. Makilomita amene amuna anga amawatchula ndi mpweya umodzi ndinawamva limodzilimodzi m'msana. Koma basiyo inkayenda, ndipo phiri lililonse limene tinkalisiya kumbuyo linali litasiyidwadi.

Lachitatu m'mawa iwo anafika pabwalo la ndege kutatsala maola awiri, ali mu suti, sutikesi yatsopano m'manja. Anaima pambali pa mzere n'kumawerenga anthu. Ndegeyo ndi ya mipando makumi anayi ndi isanu ndi itatu. Tsiku limenelo palibe amene anadwala, palibe amene anagona, palibe amene anasintha maganizo. Kutatsala mphindi imodzi kuti atseke panali pataperewera munthu mmodzi, ndipo amuna anga anali atanyamula kale sutikesi. Kenako kunatulukira bambo wa galu uja, akuthamanga, mimba ili patsogolo. Atawazindikira anawakwezera dzanja mosangalala.

"Ndi pafupi, bwana!" anafuula, n'kulowa.

Foni yanga inalira naini koloko itangodutsa, basi ikutsika phiri lomaliza.

"Mayi, pachitika kavuto kakang'ono."

Ndinamvetsera mpaka kumapeto. Ndege yotsatira inali ya Loweruka. Ndinali ndi mawu ambiri, koma m'basi munali ana, ndiye ndinangoti: "Thu koloko. Mpando wakumbuyo uli ndi misomali, musakhalepo." Ndinadula foni. Akuluakulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu, koma sananene kuti mkazi wa zengerezuyo azikauza chiyani odwala.

Ndinafika kuchipatala nthawi ya nkhomaliro, fumbi lili m'nsidze. Mphwawo uja anandichingamira pakhomo la wodi, maso ake akufunafuna munthu kumbuyo kwanga. Anandiuza kuti kuyambira m'mawa amayi ake anavutitsa anamwino mpaka anawasunthira pabedi la pawindo. Anamuuzanso kuti awapese tsitsi ndi kuwaveka diresi labuluu lija ndinawasokera.

Ndinawapeza atatsamira mapilo awiri. Anali atatha, manja aja anachapa zovala za mzinda wonse atasanduka timitengo. Koma maso anali omwe aja.

"Alamu, mwafika? Ndege yatera kale, ndaimva. Ali kuti mlongo wanga? Akulimbana ndi katundu?"

Ndinaganiza zonama. Ndikanatha kunena kuti ndege inawonongeka, koma anali ataimva ndi makutu awo. Ndinakhala pamphepete pa bedi n'kuwauza zonse: za mpando, za kabuku, za galu.

Anatseka maso, ndipo ndinaopa kuti ndawapha. Kenako mapewa anayamba kugwedezeka. Ankaseka, kuseka kopanda mawu, mpaka namwino anabwera kudzaona.

"Wagulitsa mpando wake womwe? Mwana ameneyo! Ndine ndinamuphunzitsa kuti ntchito ya eni sasewera nayo. Ndinkamukwapula akapsereza kolala ya kasitomala." Anapuma kaye, mpweya ukuvuta. Anandigwira dzanja. "Musakamukalipire, alamu. Poti ndi pafupi, afika."

Ndinawakwiyira nawonso, ndikuuzeni zoona. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri akuyang'ana kumwamba, ndipo akumuikirabe kumbuyo ndi mawu ake omwe. Ndinatuluka panja ngati ndikukatunga madzi, n'kukalira kuseri kwa thanki.

Masana onse anandifunsa za mlongo wawo. Kodi imvi zayamba? Kodi amadyabe mofulumira ngati akuthamangitsidwa? Kodi tayi amamanga mfundo yaikulu kapena yaing'ono? Thu koloko itakwana ndinawauza kuti wakwera basi, wandiimbira ali pampando. Anagwedeza mutu, n'kunena kuti ndimuuze azitambasula miyendo basi ikaima, chifukwa sanazolowere.

Anatisiya Lachinayi m'mawa, teni koloko itangodutsa, nkhope ili kuwindo. Lachinayi sikubwera ndege.

Amuna anga analowa pageti la chipatala nthawi ya nkhomaliro. Sindinawachingamire kudepoti, anafunsa okha njira. Suti inali itafiira ndi fumbi, nsapato atamasula zingwe chifukwa mapazi anatupa, koma tayi inali pamalo ake. Anandiona nditakhala pabenchi la panja pa wodi, mphwawo atagoneka mutu pamiyendo panga, ndipo anaima pomwepo. Kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni, sanayang'ane wotchi.

Ndinali nditakonza mawu anga kwa tsiku lathunthu. Ndinawadula, kuwasoka, n'kuwasita bwinobwino, ndipo ndikanawalankhula onse bwenzi munthuyo atagwa pomwepo. Anayandikira pang'onopang'ono, n'kuika sutikesi pansi.

"Ananena kanthu?"

"Anati ndisakukalipireni."

"Basi?"

"Anati poti ndi pafupi, mufika."

Anakhala pansi, osati pabenchi koma pasimenti penipeni, mu suti yawoyo. Anayamba kumasula tayi, koma zala zinakanika pamfundo, ndipo anangoigwira choncho ndi manja awiri. Anthu odzaona odwala ankawalambalala ndi mabasiketi awo.

Zonse zitatha tinakhala masiku angapo m'nyumba ya alamu. Pakhoma la pabalaza panali msomali umodzi wautali, ndipo pamsomalipo panali makalendala onse aja, ina pamwamba pa inzake, palibe imene inatayidwa. Loweruka m'mawa mawindo anayamba kunjenjemera, ndege ikutsika. Amuna anga anatuluka panja n'kuima pamene mphwawo anawalozera, pafupi ndi chingwe choyanikapo zovala. Inadutsa pamwamba pawo penipeni, yaikulu, matayala atatuluka kale. Anaimabe pamenepo itapita, mpaka ndinachita kukawatenga.

Tinabwerera pabasi. Mpando pandege unalipo, mayi wa pakauntala uja anaimba kutiuza kuti yatsala isanu ndi umodzi, koma iwo anakana.

Ntchito akugwirabe, ndipo anthu akuwaitanabe a Pafupi. Amayankha, poti dzina silifufutika ndi sopo. Koma mayi uja akuti munthu akafunsa ngati kuli kutali, amuna anga amangotembenuza kompyuta kuti munthuyo adziwerengere yekha, kenako amamufunsa kuti kumeneko kuli ndani. Akamva kuti kuli m'bale, amayang'ana ndege yoyandikira kwambiri, ndipo ikakhala yodzaza amamulembera papepala nthawi ya basi. Bwana wawo wadandaulapo kawiri.

Rula yachitsulo ija anabwera nayo kunyumba tsiku lina, n'kuiika pamakina anga osokera. Ndimajambulira mizere ya choko pansalu. Ndi rula yabwino, yowongoka, ndipo masentimita ake ndi olondola.